Kamchira ka "-ala": ulendo wake kuchokera ku Rome mpaka m'minda ya tiyi ku Thyolo

Pa esiteti iliyonse ya tiyi ku Thyolo, kaya ndi ku Makandi, ku Satemwa, kwa Conforzi kapena ku Naming'omba, mayina a ntchito zambiri amathera mofanana. Pali manijala. Pali dalaivala wa thirakitala yotuta masamba kuchokera ku sikelo kupita ku fakitale. Pali kalipentala wokonza zitseko za m'komboni, mesenjala wa ku ofesi, ndi telala yemwe waika makina ake pakhonde la golosale kudikira tsiku la malipiro. Mwana akatentha thupi usiku amathamangira naye kwa dokotala. Munda umayezedwa m'maekala kapena m'mahekitala, wantchito aliyense ali ndi nambala yake, ndipo ntchito imachuluka mvula ikayamba mu Novembala ndi Disembala.

Khutu lathu linazolowera kwambiri kamchira ka "-ala" aka moti sitikamvanso ngati kachilendo. N'zosadabwitsa, chifukwa Chichewa chili ndi mawu akeake ambirimbiri othera chimodzimodzi: kukhala, kuvala, kudwala, njala, chala, mwala. Koma "-ala" wa manijala ndi dalaivala si mbadwa ya kuno. Ndi mphatikiri wa Chingerezi, wolembedwa "-er" kapena "-or", amene anayenda zaka pafupifupi 2,000 asanafike m'mapiri a Thyolo. Tanthauzo lake lalikulu ndi "wochita": drive ndi kuyendetsa, driver ndi woyendetsa. Poyamba munthu angayese nkhani ya m'kalasi basi. Koma m'minda ya tiyi kamchiraka kanagwira ntchito yolemera. Kanagawa anthu m'magulu, kanaika ena pamwamba ena pansi, ndipo pa dzina limodzi kananena zomwe sizinali zoona.

Akatswiri ambiri a mbiri ya zilankhulo amalondola mphatikiriyu mpaka ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma. Aroma akafuna kutchula munthu ndi ntchito yake ankawonjezera "-arius" ku dzina la chinthu chomwe munthuyo ankagwira. Siliva ankamutcha argentum, choncho wosintha ndalama anali argentarius. Buku linali liber, wokopera mabuku anali librarius. Ngolo ina ya mawilo awiri inkatchedwa carpentum, ndipo mmisiri woikhoma anali carpentarius. Kalipentala wa ku Thyolo, amene mwina sanakhomepo ngolo chibadwire, dzina la ntchito yake linachokera pomwepo.

Kumpoto kwa ufumu wa Aroma, kutsidya kwa mitsinje ya Rhine ndi Danube, kunali mitundu ya anthu yolankhula zilankhulo zomwe pambuyo pake zinabala Chijeremani, Chidatchi ndi Chingerezi. Anthuwa ankagulitsana malonda ndi Aroma, ena ankalembedwa usilikali m'magulu awo ankhondo, ndipo pamodzi ndi vinyo ndi ndalama zachitsulo anatenganso mayina a ntchito. Atawamva mayinawo kwa nthawi yaitali, anadula kamchirako n'kuyamba kukalumikiza ku mawu awoawo. Umboni wakale uli m'Baibulo lomwe bishopu Wulfila anamasulira m'chilankhulo cha a Goth m'zaka za m'ma 300. M'menemo mlembi akutchedwa bokareis, mphunzitsi laisareis. Tsinde ndi lawo, kamchira n'kobwereka.

Pamene a Angle ndi a Saxon ankawoloka nyanja kukakhazikika ku Britain m'zaka za m'ma 400, kamchirako anapita nako. M'Chingerezi chakale kankalembedwa "-ere": wophika buledi anali bæcere, msodzi fiscere, mlembi writere. M'kupita kwa zaka "e" womalizayo anagwa, n'kutsala baker, fisher ndi writer. Chinasinthanso china chachikulu. Poyamba kamchiraka kankaphatikizidwa ku mayina a zinthu, koma kenaka kanayamba kugwira pa aneni, ndipo lero Mngerezi angathe kutenga pafupifupi mneni aliyense n'kupanga dzina la wochita. Kunalinso kamchira kena, "-estre", kamene kankatchula makamaka akazi. Mayina a mabanja monga Baxter ndi Webster anachokera kwa ophika buledi ndi oluka nsalu otchulidwa ndi kamchirako, ndipo spinster, amene anali mayi wopota ubweya, anadzasanduka dzina la mkazi wosakwatiwa.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kumabwalo a milandu. Chifalansa ndi mwana wa Chilatini, ndipo "-arius" uja anali atasanduka "-ier" m'kamwa mwa Afalansa. Motero mphatikiri yemweyo analowa m'Chingerezi kachiwiri, podzera khomo lina, atanyamula mawu monga carpenter, officer ndi messenger. Awa ndiwo kalipentala, ofesala ndi mesenjala athu. Wina wofanana naye, "-or", ndi wa Chilatini chomwecho koma mzere wake ndi wina. Doctor poyamba anali mphunzitsi, kuchokera ku mneni wotanthauza kuphunzitsa. Tractor ndi chokoka. Tailor anachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza wodula. Angerezi amalemba "-er" ndi "-or" mosiyana koma amatchula mofanana, ndipo makolo athu, omwe mawuwa anawalandira ndi khutu osati ndi diso, sanaone chifukwa chowasiyanitsira.

Sanasiyanitsenso "-er" wa wochita ndi "-er" wina wongofanana naye maonekedwe. Wa pa December anachokera ku mayina a miyezi ya Aroma, omwe ankawerenga chaka kuyambira mu Malichi, n'chifukwa chake decem, khumi, ali pa mwezi womwe lero ndi wa 12. Wa pa paper anachokera ku papyrus, gumbwa wa m'mphepete mwa Nile. Wa pa bigger ndi older, woyerekeza zinthu ziwiri, ali ndi mbiri yakeyake. Chichewa chinatenga Disembala, pepala, nambala ndi batala n'kuwaveka onse "-ala" mmodzimodzi.

Pa mayina onse a pa esiteti, la manijala ndilo lili ndi chiyambi chomwe antchito angachimve msanga. Mneni manage analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chitaliyana, maneggiare, kuphunzitsa ndi kuwongolera kavalo, ndipo muzu wake ndi manus, dzanja.

Wodzala amene sankadzala

Dzina lomwe linasintha Thyolo silinalowe m'Chichewa n'komwe. Ndi planter. Mwa malamulo a chilankhulo, plant ndi kudzala, choncho planter ndi wodzala. Koma pofika m'zaka za m'ma 1600 mawuwa anali atapatuka kale. Mu 1609 Mfumu James inayamba kukhazika anthu ochokera ku Scotland ndi England pa minda yolandidwa kwa eni nthaka kumpoto kwa Ireland, m'chigawo cha Ulster. Ntchito imeneyo anaitcha plantation, ndipo obwerawo anali ma planter. Chomwe chinkadzalidwa sichinali mbewu, anali anthu. Ku Virginia, komwe Angerezi anamanga Jamestown mu 1607, dzinali linagwiranso ntchito yomweyo. Kuchokera apo linapita ku zilumba za Caribbean, komwe mwini munda wa nzimbe anali planter pomwe okumba mayenje anali akapolo ochokera ku Africa, kenaka ku minda ya tiyi ya Assam ndi ya khofi ku Ceylon.

Linafika kuno litakhwima chotero. Henry Brown, amene anadzala tiyi ku Thornwood ku Mulanje mu 1891 ndi mbewu yochokera ku mishoni ya Blantyre, anali atalimapo khofi ku Ceylon. Maclean Kay, amene anayambitsa Satemwa mu 1923, anachokera ku minda ya mphira ku Malaya. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 1908, tiyi anadzalidwa ku Bandanga, ndipo chimenecho chimawerengedwa ngati chiyambi cha mbewuyi ku Thyolo, boma lomwe azungu ankalilemba Cholo. Dzinali linali ndi ulemu waukulu pakati pa azungu okhaokha. Nyuzipepala yomwe R. S. Hynde anayambitsa mu 1895 inkatchedwa The Central African Planter. Ndi yomweyo inasintha mayina n'kukhala Central African Times, kenaka Nyasaland Times, mpaka The Daily Times ya lero.

Sitinganene kuti anthuwa sankadziwa ulimi. Ankadziwa kusankha mbewu, kuyang'ana nthaka, kumanga fakitale ndi kupeza misika, ndipo ena anataya chuma chawo chonse khofi atalephera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma amene anagwetsa nkhalango, kuzula zitsa, kukumba mayenje m'mapiri otsetsereka ndi kukwirira mbande imodziimodzi mvula ikuwakhuthukira pamsana sanali iwo. Anali Amang'anja omwe anapezeka ali pa nthakayo, ndi Alhomwe omwe kuyambira m'zaka za m'ma 1890 ankawoloka malire kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Odzala enieniwa m'mabuku a boma ndi a makampani analembedwa ndi mayina ena: labourer, tenant, ndipo ena squatter.

Njira yomwe nthaka inachokera m'manja mwa eni ake ndi yodziwika. Azungu oyamba anapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi mfuti, iwo n'kumati agula, pomwe mafumuwo ankadziwa kuti angopereka malo oti mlendo alimepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anatsimikiza malonda amenewa ndi zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo aakulu omwe Eugene Sharrer anatenga anadzakhala a British Central Africa Company, imene inali ndi gawo lalikulu la Cholo. Ignaco Conforzi, wa ku Italy, nayenso anadzakhala ndi minda yambiri m'bomalo. Wokhala pa nthaka ya mzungu ankalipira lendi ndi thukuta lake. Mwezi umodzi unali wa lendi, wina wa msonkho, koma mwezi wa pa esiteti sunkatha monga umathera wa kumwamba. Tsiku linkalembedwa pa tikiti pokhapokha munthu atamaliza mgwazo, ndipo mgwazo ukakula, masiku awiri ankasanduka limodzi. Ntchito imeneyi inalanda dzina labwino la thangata, lomwe kale linali kuthandizana kwa pachibale ndi kulimira mfumu mwa ulemu.

Mkwiyo wa thangata ndi umodzi mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe mu 1915 ku Chiradzulu, pafupi ndi minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Ku Thyolo moto unabuka mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa. British Central Africa Company inkafuna kutolera lendi yomwe inali itakwera kuchoka pa mashiling'i 20 kufika pa mashiling'i 52 ndi mapeni 6, ndipo omwe anakana anawapatsa zikalata zowachotsa pamalo. Zipolowe zinayamba ku Cholo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu 11 anaphedwa, 72 anavulala. Boma linayamba kugula ena mwa malowo n'kukhazikapo mabanja, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Dzina lomwe makolo anasankha

Chomwe chimandigwira mtima m'mbiri yonseyi ndi chakuti makolo athu, amene anabwereka manijala ndi mesenjala mosavuta, sanabwereke planter. Sitinakhalepo ndi "pulantala" m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Munthuyo anamupatsa dzina lawolawo: mtsamunda.

Kachigawo ka "tsa-" n'kakale m'chilankhulo chathu ndipo kamanena za mwini kapena woyang'anira. Tsabwalo ndi mkulu wa pabwalo la gule. Tsang'oma anali wosunga ng'oma yopatulika ya ku kachisi wa Makewana ku Msinja. Motero mtsamunda ndi mwini munda. Chingerezi chinamutchula munthuyu ndi ntchito yomwe manja ake sankagwira. Chichewa chinamutchula ndi chomwe anali nacho, ndipo chimenecho ndicho chinali chenicheni cha nkhani yonse. Mawuwa anakula mpaka kuphimba bwanamkubwa wa ku Zomba, disi wa pa boma ndi ulamuliro wonse wa Britain. Tikati "nthawi ya atsamunda" timanena za zaka za pakati pa 1891 ndi 1964, koma m'kati mwa mawuwo muli munda. Anthu a m'mapiri a Shire anaona kuti ulamuliro wachilendo unali, poyambirira penipeni, nkhani ya yemwe ali ndi nthaka.

Chichewa chilinso ndi njira yakeyake yotchulira wochita, ndipo sichinkasowa kubwereka. Chimaika "m-" kumayambiriro ndi "-i" kumapeto: kulima, mlimi, kusodza, msodzi, kulemba, mlembi, kuphunzitsa, mphunzitsi. Kapena chimangoti wophika, wosoka, woyendetsa. Ndiye n'chifukwa chiyani tinatenga telala pomwe wosoka analipo? Ndikuona kuti mawu obwerekawa sankatchula ntchito chabe. Ankatchula udindo wolembedwa m'buku la malipiro. Aliyense wodziwa singano ndi wosoka, koma telala ali ndi makina ndipo amalipiritsa. Wopala matabwa anakhalapo kuyambira kale, koma kalipentala anaphunzira ku mishoni, ali ndi sikweya ndi pensulo kukhutu. Mayina a "-ala" anali makwerero, ndipo kholo la m'komboni linkalakalaka mwana wake atakwerapo, achoke m'mizere ya tiyi akhale dalaivala kapena kalaliki.

Pakati pa manijala ndi antchito panali munthu amene dzina lake silinachokere ku Chingerezi. Angerezi akanamutcha overseer, koma kuno anali kale kapitawo, kuchokera ku capitão wa Chipwitikizi, mawu omwe anakwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire Angerezi asanafike. Ganyu nayenso amalondoledwa ku Chipwitikizi. Chilankhulo cha pa esiteti chili ndi zipsera za atsamunda awiri.

M'mizere ya tiyi

Pansi pa makwererowo pali amene Chingerezi chimamutcha plucker. M'nyuzipepala ndi pa wailesi timati othyola tiyi, ndipo mawu amenewa amanena ndendende zomwe manja amachita.

Ntchitoyi ndi yofunika kuiona pafupi. Tchire la tiyi likasiyidwa limakula n'kukhala mtengo, choncho amalidulira kuti likhale lathyathyathya, lofika m'chiuno. Wothyola amalowa m'mzere m'mamawa mame asanaume, dengu lili kumsana, atadzikulunga pulasitiki kapena chiguduli m'chiuno kuti nthambi zisamung'ambire zovala. Manja onse awiri amagwira ntchito nthawi imodzi, lililonse palokha. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatsina nsonga yanthete, masamba awiri ndi kamphukira, osapitirira pamenepo, chifukwa tsamba lokhwima limatsitsa mtengo wa tiyi ku okushoni ya ku Limbe. Dzanja likadzaza limaponya kumbuyo osacheuka. Maso amakhala ali kale pa tchire lotsatira. Pakhungu la zala pamachita mikwingwirima yakuda yomwe sopo sachotsa. Nthawi ikakwana onse amandanda pa sikelo, kalaliki amayang'ana masamba, amawerenga makilogalamu n'kulemba pa nambala ya munthu. Malipiro a tsikulo ali pa muyezo woikika, ndipo wopitirira muyezowo amalandira kena pa kilogalamu iliyonse yowonjezera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tchire limaphuka mofulumira moti munda womwewo amaubwerera patangotha sabata imodzi ndi masiku ochepa. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ndipo ambiri olembedwa kwa nyengo amabwerera kumudzi.

Ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay pamodzi, makampani a tiyi amalemba anthu pafupifupi 50,000 nyengo yothyola ikafika pachimake. Ndi ntchito ya luso, yofuna diso lakuthwa ndi msana wolimba, koma kwa zaka zambiri inawerengedwa m'gulu la ntchito zosafuna luso.

Pali chinanso chomwe mayina amaulula. Boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, Amalawi ambiri anayamba kudzala tiyi m'minda yawoyawo ndi manja awo. Lero alimi otere ku Thyolo ali m'magulu monga la Msuwadzi, lomwe limagulitsa masamba ku Satemwa. Mwa tanthauzo lenileni la mawu, awa ndiwo ma planter. Koma palibe amene anawatcha choncho. Anawapezera mayina ena, smallholder, grower, outgrower, onse okhala ndi kamchira komweko. Ndipo wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, akasowa polima n'kukhwapula kachigawo m'mphepete mwa bulugamu wa kampani, m'zikalata za kukhoti amatchedwa encroacher, wolowerera malo a eni. Thyolo ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno, ndipo mabanja ambiri ali ndi kamunda kosakwana ekala. Makampani ali ndi zikalata zovomerezeka ndi malamulo, amalemba anthu ntchito, amabweretsa ndalama zakunja, izi n'zoona. N'zoonanso kuti zina mwa zikalatazo mizu yake ili pa nsalu ndi mikanda ya m'zaka za m'ma 1880.

N'chifukwa chiyani "-ala"?

Funso lomwe latsala ndi la katchulidwe. Mngerezi wa ku London akamati driver, "r" womalizayo samveka. Anthu ambiri a kum'mwera kwa England anasiya kumutchula zaka zoposa 200 zapitazo. Anzathu a Chiswahili analandira mawuwa motero: dereva, meneja, namba, Desemba. Ife tinati dalaivala, manijala, nambala, Disembala. "L" ameneyu tinamutenga kuti?

Mbali ina yankho lili m'Chichewa momwemo. Phatikizo lililonse la mawu athu limathera ndi lembo la liwu, ndipo "l" ndi "r" kwa ife ndi liwu limodzi. Tikamva "r" kumapeto kwa mawu, lilime limamusandutsa "la". Koma kuti timusandutse tinayenera kumumva kaye, ndipo apa ndikuganiza kuti tiyang'ane amene anatiphunzitsa Chingerezi choyamba. Anali anthu a ku Scotland. Livingstonia inayamba mu 1875, mishoni ya Blantyre mu 1876. David Clement Scott, amene anasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndi Alexander Hetherwick anali a ku Scotland. John Buchanan wa khofi, Hynde wa nyuzipepala, abale awiri John ndi Frederick Moir a African Lakes Company, onse anali a komweko. Anthu a ku Scotland amatchula "r" aliyense, momveka bwino, mpaka lero. Mnyamata wophunzira ukalipentala ku Blantyre m'zaka za m'ma 1880 ankamva "r" ameneyo tsiku lililonse, ndipo pa bolodi ankamuonanso atalembedwa. Amuna omwe ankapita ku Joni ndi Wenela anakumananso ndi Chiafrikaans, chomwe nachonso chimatchula "r" womaliza, ndipo Azulu omwe ankagwira nawo ntchito amati udokotela. Njira ziwirizi zinathira m'mtsinje umodzi.

Dzina la Mandala lokha lisatisokoneze. Limathera ndi "-ala" koma ndi lathu lenileni: anthu anamutcha choncho John Moir chifukwa cha magalasi a m'maso omwe ankavala, ndipo dzinalo linagwera kampani yonse.

Mawu omwe analowa pambuyo pake, podzera pa wailesi ndi m'masukulu a boma, ambiri alibe "l" uja: loya, pulofesa, meya, feteleza, jenereta, kompyuta. Si lamulo losasweka, chifukwa chizolowezi chikakhazikika chimakoka mawu atsopano. Khansala, hekitala ndi Sipikala wa Nyumba ya Malamulo anabwera mochedwa koma anatsata njira ya dokotala. Komabe munthu akamva mayi wachikulire wa ku Bvumbwe akuti dalaivala pomwe mdzukulu wake akuti diraiva, akumva mibadwo iwiri ya Chingerezi m'nyumba imodzi.

Munthu ndi makina

Mu fakitale kamchiraka kamaonetsa khalidwe lina lomwe Chichewa chilibe. Masamba akafota m'mitsetse yopitamo mphepo, amalowa m'makina owaphwanya. Mafakitale ambiri a kuno akhala akugwiritsa ntchito otchedwa Lawrie Tea Processor. Akasanduka ofiirira amapita mu dryer, kenaka mu sorter, ndipo moto wonse umachokera ku boiler yodya nkhuni za bulugamu. Processor, dryer, sorter, boiler: mayina a zitsulo, koma opangidwa ndendende ngati driver ndi plucker. Chingerezi sichifunsa ngati wochitayo amapuma. Computer nayenso, m'zaka za m'ma 1600, anali munthu wolembedwa ntchito yowerengera masamu, ndipo anakhala munthu mpaka m'zaka za m'ma 1940 pomwe makina anamulanda ntchito ndi dzina lomwe.

Ife sitingasokoneze zimenezi ngakhale titafuna. Wothyola ndi munthu, chothyolera ndi chida. Wolima ndi cholimira sangakhale m'gulu limodzi la mayina, ndipo mneni aliyense wotsatira amakumbutsa womvera kuti uyu ndi "a-" ndipo icho ndi "chi-".

Kusiyana kumeneku si kwa m'buku chabe. M'maiko olima tiyi, makina othyolera akulowa m'malo mwa manja, ena onyamulidwa ndi anthu awiri, ena oyenda okha pamwamba pa mizere. Ku Kericho m'dziko la Kenya, mu 2023, anthu okwiya ndi kutha kwa ntchito anatentha ena mwa makinawa. Makampani amati mtengo wa tiyi pa msika wa dziko lonse sukukwera mofanana ndi ndalama zolipira antchito, ndipo kuno kwathu nkhaniyi sidzatilambalala. Lipoti la Chingerezi lingathe kunena kuti esiteti ili ndi ma harvester okwanira, wowerenga osadziwa ngati akunena anthu a mabanja kapena injini za petulo. Amene adzakambirane za tsogolo la Thyolo m'Chichewa adzakakamizika kutchula poyera ngati akunena othyola kapena zothyolera, ndipo ndikufuna kuti zokambiranazo zidzachitikenso m'chilankhulo chimenechi, pamaso pa anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza.

Pa mayina onse a "-er" omwe anapatsidwa kwa anthu a m'minda ya tiyi, limodzi lokha ndilo anadzisankhira okha. Ndi worker, wantchito, mawu ochokera ku weorc wa Chingerezi chakale, ndipo lili m'dzina la bungwe lawo, Plantation and Agriculture Workers Union. Eni minda anali ndi bungwe lawo kuyambira mu 1934, lomwe lero ndi Tea Association of Malawi, ndipo kwa zaka makumi ambiri malipiro ankakhazikitsidwa mbali imodzi yokha. Mu 2015 makampani olima tiyi, ogula a kunja ndi mabungwe ena anasainirana dongosolo lotchedwa Malawi Tea 2020, lomwe cholinga chake china chinali kukweza malipiro kuti afike pokwanira kusamalira banja. Cholinga chimenecho sichinakwaniritsidwe chonse, koma chinabala chinthu chomwe chinali chisanachitikepo: bungwe la antchito ndi la eni minda anakhala pa tebulo limodzi n'kusainirana mgwirizano woyamba wa malipiro. Munali mu 2016, patatha zaka 108 chidzalireni tiyi ku Bandanga.